Mlendo wa pa Mbale Yopanda Mwini

Malemu Mayi Genowefa Kurzawa ankadziwika ndi khalidwe limodzi: madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi sankadya kwawo, ankagogoda pa makomo a eni. Mwambo wathu umati patebulo pazikhala mbale imodzi yopanda mwini, yodikira mlendo wobwera mwadzidzidzi, ndipo mlendoyo sabwezedwa. Makolo poika mwambowu ankaganizira osauka ndi apaulendo. Sankadziwa kuti kudzabadwa Genowefa.

Mayiwa analowa ntchito m'fakitale ya m'tawuni muno ali mtsikana, nkhondo itangotha, pomwe fakitaleyo inkangokazinga balere wopangira khofi wa amphawi. Anaona kubwera kwa supu wa ufa, jeli ndi mayonezi, mpaka anakalambira pa makina osakaniza supu wofiira wa bitiruti. Chomwe chinkawawawa n'chakuti amayi onse ankagula mapaketi a supuyo mobisa, ngati mankhwala a nthenda yochititsa manyazi, kenako patebulo n'kumadzitama kuti bitirutiyo anavundika okha mumtsuko.

"Manja kufiira ife, ulemu kulandira inu?" ankatero. "Muvomera basi."

Akalowa m'nyumba ankakhala pa mbale ija, n'kulawa supuni imodzi ya supu atatsinzina, kenako n'kulengeza kuti, "Uyu ndi wathu. Mwangochulutsa madzi." Bambo wa pakhomo akaseka, mwendo wa mkazi wake unkamupeza kunsi kwa tebulo. Banja lina linayesa kuchotsa mbaleyo. Mayi Genowefa anatulutsa yawo m'chikwama.

Wansembe anawaitanitsa. "Amayi, mbale imeneyi ndi ya osowa."

"Bambo mfumu, supu wa kwanu ndinamulawa chaka chatha. Tipitirize nkhaniyi?"

Bambo mfumu anawadalitsa msangamsanga n'kuwatsegulira chitseko.

Amene anakanika anali mmodzi: Mayi Leokadia Pietrzak, akazi a dokotala.

"Mwabweranso, Mayi Genowefa? Kodi kwanu mbaula inafa?"

"Ayi, ndabwera kudzaona mmene mwamuphikira mwana wanga."

"Uyu ndi wa kaphikidwe ka agogo anga."

"Kani agogo anu tinkagwira nawo ntchito? Anali chigawo chiti?"

Zaka zinapita, mmodzi osaleka kugogoda, mnzake osaleka kukana. Ngakhale pamene Mayi Genowefa anagonekedwa m'chipatala, Mayi Leokadia anafika ndi supu wotentha m'botolo. Wodwalayo analawa, maso n'kuwala.

"Wathu."

"Wa agogo."

"Mudzavomera, Leokadia."

"Osati inu mukumva."

Mayi Genowefa anamwalira masamba akuyoyoka. Disembala wa chaka chimenecho anali wabata modabwitsa. Panalibe wosuzumira pa katani, panalibe wothamangira kukakwirira paketi pansi pa makoko a mbatata. Amayi ananama momasuka, koma bodza lopanda wolitsutsa linapezeka losakoma, ndipo ena ankangoyang'ana kukhomo supuni ili m'manja.

Sabata ya Khirisimasi, sitolo itadzaza, Mayi Leokadia anafika kutsogolo kwa mzere n'kukweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Ndipatseni mapaketi a supu wofiira, wa pafakitale yathuyi. Musakulunge."

Wogulitsa, yemwe kwa zaka zambiri ankawaponyera mapaketiwo pansi pa buledi, anafunsa monong'ona ngati ali bwinobwino.

"Ndinati sindidzavomera Mayi Genowefa akumva," anayankha Mayi Leokadia. "Mawu anga ndasunga."

Anatuluka mapaketi ali m'manja, poyera, ndipo anadzera njira yaitali, yodutsa pa geti la fakitale.