Maliro a Bambo Wamwala

Lolemba
Chaka chachiwiri tsopano ndikunamiza amayi a mpingo wathu ku Ntcheu kuti ndili ku Mangalande. Chonsecho ndikukolopa nyumba ya azungu ku Sports City, ku Dubai kuno. Korona watseka matchalitchi, mapemphero ali pa foni, pa vidiyo, ndiye akuti Lamulungu ndiwaonetse kumene ndimapemphera. Mayo ine!
Nzeru ilipo. Pabalaza pali chithunzi chachikulu ngati chitseko, cha m'kati mwa tchalitchi cha ku Mangalande, kwawo kwa Madamu a nyumba ino. Ndikhala patsogolo pake, khalas, nkhani yatha.

Lachiwiri
Ndikupukuta chithunzi uku ndikuloweza:
zipilala zamwala
mawindo a magalasi amitundumitundu
beseni la ubatizo, lamwalanso
mabenchi okhala ndi zitseko ngati makola a mbuzi
pakona, bambo wosemedwa pamwala, ali gone chagada, manja ngati akupemphera, kagalu kumapazi, mphuno inaduka.
Madamu akuti ndi msilikali wakalekale, mafupa ake ali pansi pomwepo. M'tchalitchi! Akufotokoza akulira, poti ndege sizikuyenda, kwawo sangapite. Ine tcheru kuti ndibe mawu. Ndadzimvera manyazi.

Lachitatu
Ndatumiza pagulu kachithunzi koyesera. Ine mwee, mano onse pamtunda, tchalitchi kumbuyo.
A tcheya, Mayi Nachisale: "Pepa mwana wathu. Watisiya ndani?"

Lachinayi
Ndayankha kuti ndi mwala. Sakumva. Akuti mtembo wa mzungu umayera choncho. Mafunso mbwee:
bwanji sanamufunditse nsalu?
galu akutani pamaliro?
anamfedwa ali kuti, kapena ndi korona?
nanga iwe ukusekerera chiyani, mutu uli pamtunda wopanda mpango?
Amayi anga aimba foni: "Ndinakulera choncho ine? Ndiyenda bwanji pamudzi pano?"

Lachisanu
Kuti nkhani ithe, ndavomera: eya, ndi maliro, a mkulu wa mpingo. Ndadzikolezera moto ndekha. Agwirizana kuti Lamulungu aimba nyimbo za maliro, ine ndiwapepesere kwa anamfedwa. Koma malemu akhale atafunda.

Loweruka
Madamu andipeza nditakwera pampando, ndikumata chitenje changa pachithunzi ndi selotepi. Ndati ndikutchinga fumbi. Ayang'ana ine, ayang'ana chitenje, abwerera. Bola akanakalipa.

Lamulungu
Mpango kumutu, nkhope yachisoni. Nyimbo ili pakati, mzikiti wapafupi wayamba kuitanira mapemphero, zenera ndasiya pululu. Selotepi yamasuka, chitenje chagwa. Kenako Madamu adutsa kumbuyo kwanga, m'tchalitchi momwemo, atavala kabudula, kapu ya khofi kumanja.
Ndaulula zonse, misozi chuchuchu.
Amayi anga: "Za Dubai tinadziwa kalekale, mwanawe, nambala ya foni yako imanena yokha. Timangokusungira ulemu. Koma bamboyo, chonde, auze azunguwo akamuike m'manda."
Ndati inshallah, Mulungu akalola. Ndatenga chokolopera.