Ulemu ndi Kapaipi ka Pepala

Pali anyamata amene amati akakaonekera kwa amayi a chibwenzi chawo amabwerako ndi madalitso. Ine ndinabwerako ndi lilime labuluu, m'mimba muli pepala. Nkhaniyi Thoko amaifotokoza paliponse pamene pakhala anthu, ndipo ulendo uliwonse amawonjezera mchere, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha anthu asanayambe kumva zoti ndinadya ndi kapu yomwe.

Ine ndinakulira ku Ndirande m'manja mwa agogo anga aakazi, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. M'nyumba ya anthu awiri mawu sachuluka, choncho ndinakula wosalankhulalankhula koma wamaso. Agogo analibe malamulo ambiri, koma ochepa omwe anali nawowo anali osasunthika. Mwana sayamba kudya kapena kumwa wamkulu asanayambe. Mwana salavula pamaso pa akulu. Agogo anatisiya ndisanabwere ku Glasgow, koma malamulo awo anakwera nane ndege popanda chiphaso.

Thoko ndinakumana naye kutchalitchi cha ku Springburn, dera lina la mu Glasgow, komwe Amalawi ambiri timapemphera. Iye ankaphunzira za chilengedwe, ine ndinali nditamaliza zanga n'kuyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Itakwana nthawi yoti alandire digiri, amayi ake anabwera kuchokera ku Dedza kudzaonerera mwambowo. Koma tonse tinkadziwa kuti digiri sinali nkhani yokhayo. Amayiwo ankadzaonanso ine, ndipo pobwerera akauza amalume a Thoko kuti alandire anthu akwathu kapena awabweze pakhomo.

Thoko sabisa mawu. Anandiuza zomwe amayi ake ananena atangomva za ine: "Mwana wopanda makolo, mwambo anautenga kuti?" Ndinalibe bambo woti andiyankhulire, ndinalibe mayi woti andichitire umboni. Umboni wonse unali ine ndemwe, mmene ndikhalire, mmene ndiyankhire, mmene ndigwirire kapu.

Azimayi a kumpingo anali atakonza ulendo wopita ndi ana kumalo a masewera kunja kwa mzinda, kuja kuli tisitima timene timakwera m'mwamba n'kutembenuza anthu chadodolido. Thoko anati tikakumane kumeneko. "Kunyumba mukangouma ngati mtengo," anatero. "Kumeneko kuli phokoso, mukamasuka."

Ndinamasukadi moti ndinanyamuka komwe ndinkakhala ku Easterhouse nditavala suti ndi tayi. (Pamalo onsewo wa tayi ndinali ndekha. Bambo wina wachizungu anabwera kudzandidandaulira kuti chimbudzi chatsekeka, poganiza kuti ndine bwana wa pamalopo.)

Amayi a Thoko ndinawapeza atakhala pabenchi, atavala jekete yaikulu yobwereka, chitenje chili pamwamba. Ankayang'ana kasitima kodzaza ndi anthu olira.

"Thoko, iwe ukuti anthu amenewa alipira kuti azizunzidwa chonchi?"

Ndinanjuta, dzanja lamanzere litagwira lamanja. "Muli bwanji, Mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu, bambo?" Anandiyang'ana kuyambira kunsapato kukafika kutayi, osaonetsa ngati akhutira kapena ayi.

Pofuna kuoneka mwamuna wodziwa kusamala alendo, ndinati ndikagule zakumwa. Pakashopu ka pafupi ankangogulitsa ayezi wophwanyaphwanya wothira madzi a shuga amitundumitundu. Ndinasankhira amayi wa lalanje, Thoko wofiira, ine wabuluu (musandifunse chifukwa chake). Mtsikana wogulitsayo pondipatsa timapaipi tomwera ananena mawu ena m'Chizungu cha ku Glasgow chija chimene mpaka lero ndimangomva theka. Ndinamwetulira n'kuthokoza. Ndikukhulupirira tsopano kuti linali chenjezo.

Thoko atangoona timapaipito anasangalala ngati wakumana ndi m'bale wake. "Mwaona, Amayi? Kuno anasiya ta pulasitiki tija." Koma amayi maso anali akadali pa anthu ozondoka aja, sanamve. Thoko asanayambe phunziro lake, mayi wina wa kumpingo anamuitana kuti akathandize kulondera ana pamzere. Ananyamula kapu yake, n'kunditsinzinira diso. "Ndikubwera. Muzicheza."

Ine si munthu womwera kapaipi. Kwathu botolo timangolipopa pakamwa, ndipo kuno moyo wanga ndi tiyi ndi madzi a pampopi. Ta pepalati ndinkationa, koma ndinali ndisanakhalepo nato nthawi yaitali kuti ndidziwe khalidwe lake. Kanga ndinakaviika m'kapu nthawi yomweyo, n'kuyamba kudikira kuti amayi ayambe kumwa.

Amayi sanayambe. Kapu anaiika pabenchi, kapaipi kawo kali m'manja, kouma bwinobwino. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti nawonso ankachita manyazi kumwa pamaso pa munthu amene mwina adzakhala mkamwini wawo. Ine kudikira iwo, iwo kudikira kuti ine ndiyang'ane kumbali. Ulemu unakumana ndi ulemu unzake pamlatho wopapatiza.)

Mafunso anayamba. Kumudzi kwenikweni ndi kuti? Agogo anuwo anali a mpingo wanji? Okalamba mumawasamalawo, ana awo ali kuti? Ndinayankha zonse modekha, ndipo ndinkaona kuti zikuyenda. Diso limodzi linali pankhope pawo, lina pakapu yanga, pomwe kapaipi kaja kanali katayamba kuwerama pang'onopang'ono ngati munthu wogona mu ulaliki.

Kenako anati, "Imwani, bambo, musachite manyazi. Ine mano anga sagwirizana ndi zozizira, ndimwa zikafunda."

Wamkulu akalamula, umamvera. Ndinaika kapaipi pakamwa n'kukoka mwaulemu. Sipanabwere kanthu. Ndinakokanso mwamphamvu pang'ono. Kapaipi kanaphwa ngati chubu cha njinga, masaya anga n'kulowa mkati. Amayi anayang'ana kumbali, mwina pondimvera chisoni. Ndinaona kuti mpata ndi umenewu, ndiye ndinakoka ndi mphamvu zonse za munthu wofuna banja.

Panamveka kaphokoso konga ka nsapato yozuka m'matope. Theka la kapaipi linaduka n'kulowa m'kamwa mwanga, limodzi ndi madzi abuluu ozizira mpaka kumutu.

Nthawi yomweyo amayi anatembenuka, n'kupinda manja pamiyendo, n'kufunsa funso limene anakwerera ndege.

"Tsopano bambo, tiyeni tikambe zenizeni. Mwana wangayu mukumufuna zoona, kapena ndi zachibwana za kunja kuno?"

Abale anga, yankho ndinali nalo. Ndinali nditaliyeserera pagalasi, m'basi, ngakhale pamaso pa agogo ena a kuntchito amene samva Chichewa. Koma panjira ya yankholo panali pepala lonyowa lotalika ngati chala. Kulavula, ayi. Kulowetsa zala m'kamwa pamaso pa amayi a Thoko, ayi. Ndinayesa kumeza lonse, linakana. Panatsala njira imodzi.

Ndinayamba kutafuna.

Amayi anandiyang'ana. Ine ndikutafuna, kwinaku ndikugwedeza mutu ngati munthu wozama m'maganizo.

"Mukuganiza kaye?" anafunsa, mawu atazizira kuposa ayezi uja.

Ndinapukusa mutu mwamphamvu, n'kumeza. Linatsika pang'onopang'ono, likutsanzika pakhosi ponse. "Ndikumufuna zoona, Mayi," ndinatero, misozi ili m'maso. "Ndi mtima wanga wonse."

Misoziyo inandithandiza, chifukwa nkhope yawo inafewa. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikufotokoza nkhani ya chipambano. Koma amayi a Thoko nawonso ndi amaso. Anayang'ana milomo yanga yabuluu, anayang'ana kachidutswa kotsala m'kapu, kenako anayang'ana kapaipi kawo.

"Kodi timitengo timeneti n'todya?"

Apa m'pamene mutu wanga unandithawa. Ndikanati ayi, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga inu mwadyeranji, ndipo uthenga wopita ku Dedza ukanakhala wakuti mnyamatayo ndi waulemu ndithu koma mutu sukuyenda bwino.

"Ee, Mayi," ndinamva pakamwa panga pakutero. "Ena amadya."

"Azungu ndi anzeru," anatero amayi. "Palibe chotaya."

Anatembenukira kumbali mwaulemu, anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuluma.

Ndinaona nsagwada zawo zikugwira ntchito. Kouma kaja n'kovuta kuposa konyowa, ndipo ndinadziwa kuti akuvutika, koma sakanafuna kunyoza chakudya chogula mkamwini. Tsono ine ndikanangokhala n'kumaonerera munthu wamkulu akuvutika yekha? Ndinatola kachidutswa kanga kotsala kaja, nanenso n'kuluma.

Umu ndi mmene Thoko anatipezera: mayi ake atayang'ana kum'mawa, ine kumadzulo, tonse tikutafuna mwakachetechete ngati tili pamaliro.

"Amayi, mukudya chiyani?"

"Bisiketi atigulira bambowa," anayankha movutikira. "Koma shuga anaiwala."

Thoko anayang'ana kapaipi kolumidwa m'manja mwa amayi ake. Anayang'ana ine. Kenako anakhala pansi penipeni pa simenti yonyowa, kuseka mpaka mawu osatuluka. Ana a kumpingo anayamba kusonkhana.

"Ndi pepala, Amayi! Pepala lenileni, ngati la m'kope!"

Amayi sanaseke. Anatulutsa kansalu m'thumba la jekete, anatembenuka, anachita zoyenera kuchita, n'kukapinda bwinobwino. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Kumbuyo kwathu kasitima kanadutsa ndi anthu ake olira, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala nawo.

"Bambo, mwandidyetsa pepala."

Ndinatsika pabenchi n'kugwada, suti ndi tayi zomwe. Ndinkafuna kunena kuti pepani. Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kunena kuti pepani. Koma lilime lozizira lija linasankha lokha.

"Pepala, Mayi. Pepala kwambiri."

Thoko anagona chammbali.

Ndinaona pakona pa mlomo wa amayi pakunjenjemera, koma anadzigwira. Anathamangitsa ana aja ndi dzanja, n'kundiuza kuti ndikhale pabenchi ndifotokoze bwino. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa kudikira mpaka pa kuduka kwa kapaipi.

"Ndiye munameza poopa kulavula pamaso panga?"

"Ee, Mayi."

"Nanga bodza lija?"

"Limenelo linali mantha basi, Mayi."

Anatembenukira kwa mwana wawo amene anali akupukuta misozi. "Iwe, dzuka apo, ukundichititsa manyazi. Tandiuza, anthu olemera chonchi asowa pulasitiki mpaka kumwetsa alendo ndi mapepala?"

Thoko akapatsidwa funso lotere amachira msanga. Anawauza kuti ayang'ane chikhamu cha anthu chinali pamalopo, aliyense kapu m'manja, ndipo mawa kubweranso ena. Kapaipi ka pulasitiki munthu amamwera kanthawi kochepa, koma kakatayidwa sikawola. Mphepo imakatenga, mvula imakakokera mungalande, ngalande imakapereka kumtsinje wa Clyde, mtsinje n'kukatula kunyanja, komwe mbalame ndi nsomba zimakameza poyesa chakudya. Ka pepala kakanyowa kamafewa n'kutha. "Kufooka kumene kwavutitsa bambowa ndiye ubwino wake," anatero, n'kuyambanso kuseka.

Amayi anagwedeza mutu. "Mbuzi yanga yaikazi ija ukuikumbuka? Ya mawanga ija?"

"Munati inadwala."

"Inangoyamba kuonda, kudya ikudya. Titaipha tinapeza m'mimba muli majumbo okhaokha, atapotana ngati chingwe. Inali ndi bere." Anayang'ana kapaipi kolumidwa kaja mwaulemu watsopano. "Ikanakhala kuti inadya zoterezi, bwenzi pano ndili ndi khola."

Kenako anandiyang'ana ine. "Ndiye kuti inu simufa."

"Ndikuyembekeza choncho, Mayi."

"Munthu womeza pepala chifukwa cha ulemu, alipo amene anamulera. Zimenezo ndaziona ndi maso anga. Koma mundimvetse, bambo. Ine ndikadzakufunsani kanthu, mudzandiyankhe zoona, ngakhale zoonazo zikhale zochititsa manyazi. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu amene akachita mantha amadyetsa anzake mapepala."

"Sindidzabwerezanso, Mayi."

"Chabwino. Muwauze akwanu akaonane ndi amalume ake." Anachotsa chivindikiro pakapu yawo, n'kumwa ngati mmene timamwera kwathu, pamaso panga, osatembenukanso.

Nkhaniyi inafika ku Dedza iwo asanafike. Amalume a Thoko, munthu woopedwa m'banja monse, mawu awo oyamba kwa ine pafoni anali akuti, "Ndinu aja a mapepala?" Pachinkhoswe, mlamu wanga wina ananyamula makadi onse pathebulo lathu n'kukawaika patali, akuti kuopa ngozi. Apongozi anga akaimba foni amayamba afunsa za mwana wawo, kenako amati, "Nanga mbuzi yanga ikudya bwino?"

Kudikira akulu sindinasiye, ndipo sindikuganiza kuti ndidzasiya. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kapaipi kamalowa m'kapu pokhapokha wamkulu akameza kaye. Koma anthu akamadandaula kutchalitchi kuti ta pepalati n'tachabechabe, abweze ta pulasitiki, ine wosalankhulalankhula ndimaimirira n'kutiikira kumbuyo. Thoko amati timapaipiti timatha msanga osasiya vuto, koma iye anangowerenga m'mabuku. Amene anafufuza nkhaniyi mpaka kumapeto kwake ndine.