Otsika pa Bakha

Usiku wapitawu ndinalota bakha akundipempha kuti ndimusunthireko mu minibasi, ndipo musaseke anzanga, mpaka pano mtima sunabwerere m'malo. Sungeni, Takondwa, tsekani kaye malaputopuwo aphunzitsi asanalowe.

Mukuidziwa pulojekiti ija aphunzitsi athu a Chikadza anatipatsa, yoti aliyense apeze bizinesi aiveke nkhope yatsopano, dzina, logo, mitundu, zonse. Inu munapeka makampani a m'mutu. Ine Lonjezo, kufuna kuoneka wochenjera, ndinasankha tiyirumu ya bambo anga ku Bangwe, ndipo ndinati sizithera papepala, ndipentetsa khoma lenilenilo. Pakhomapo pali mbalame yomwe malemu amayi anajambula ndi penti yotsala. Iwo ankati ndi nkhunda, poti dzina ndi Nkhunda Tiyirumu, koma inatuluka yonenepa, mlomo wophwatalala, ndiye aliyense amati pa Bakha. Ngakhale makondakitala siteji yathu amaitchula choncho. Ku pulayimale ankanditcha mwana wa Bakha, ndipo manyazi amenewo ndinakula nawo.

Ndiye m'malotomo ndili m'kalasi muno, koma madesiki onse ndi matebulo a tiyirumu, ntchentche ndi mabotolo a shuga pomwe. Ndikuonetsa logo yanga ija, zilembo ziwiri, N ndi T, mkati mwa bwalo la buluu. Mwadzidzidzi N uja anatembenuka n'kumugunda mnzake ndi chigongono.

"Achimwene, ife pano tikuimira chiyani?"

"Kaya," anatero T. "Ine ndimayesa atilemba ntchito ku banki."

Ndikuti ndiwaletse, ndiye a Chikadza anayamba kufota, jekete n'kugwera pansi, maso n'kutuluka, lina kuyang'ana ine lina kuyang'ana pakhomo. Asanduka bilimankhwe, koma magalasi ali pamphuno pomwepo.

"Mtundu umenewu ukumuuza chiyani kasitomala?"

"Buluu ndi kukhulupirika, bwana."

Iwo n'kusanduka buluu thupi lonse. "Ndakhulupirika kodi?"

Pambali pawo amayi aja oyang'anira dipatimenti yathu anali atasanduka khwangwala, kolala yoyera ili bwinobwino m'khosi, akujompha sikono la munthu. Anati ndakhoza kuposa kalasi yonse, ndipo malikisi anandithirira m'kapu ya tiyi. Nditalawa, munalibe shuga.

Ndiye kapuyo inayamba kugwedezeka, kuyang'ana bwino ndili mu minibasi ya ku Bangwe, tapanikizana anayianayi. Kondakitala anandigogoda paphewa.

"Asisi, mukutsika pati?"

"Pa En Ti."

"Kulibe siteji imeneyo. Nenani zenizeni."

Ndikuti ndinene kuti pa Bakha, m'kamwa mwadzaza penti, lilime lamatirira. Kunja makoma onse a Bangwe ali buluu, golosale buluu, tchalitchi buluu, chigayo buluu, paliponse bwalo ndi zilembo ziwiri. Kwathu sindikukuzindikira, ndipo mantha anandigwira ngati mwana wosochera mumsika.

Mwadzidzidzi wina anati, "Lonjezo, tandisunthirako." Kucheuka, ndi bakha wa pakhoma uja, wopyapyala ngati kalendala, penti ikuyoyoka m'mapiko, katundu wake wamanga m'jumbo.

"Mukupita kuti?" ndinamufunsa, ndipo ndinadabwa kuti ndikumupatsa ulemu.

"Andichotsa ntchito. Akuti sindikugwirizana ndi masomphenya a kampani." Anapukuta mlomo wophwatalala uja. "Dzuwa landiwomba, mvula yandinyowetsa, ndaitana anthu a tiyi zaka zonsezi osalawako ngakhale nyenyeswa. Wobwera ndi maliro ankati tikumane pa Bakha, wofunsira mbeta pa Bakha. Sindikudandaula ayi. Koma iwe unayamba wandiyang'anako mapazi?"

Ndinawerama kuti ndione, koma pamapazi pake panali thumba la makala la munthu wina. Ndikulikankha, dalaivala anacheuka, ndiye ndi bambo anga, avala epuloni yawo, chiwongolero ndi thireyi ya masikono. Ananena mawu omwe aja ananena tsiku lomwe ndinawaonetsa logo pafoni, akupukuta kapu youma kale.

"Poti wophunzira ndiwe, mwanawe, chita zomwe waona."

Tsiku lija ndinkayesa kuti avomera. M'malotomo m'pamene ndinamva kuti sanavomere, anangondiopa ine ndi sukulu yangayi, ndipo ndinalira, anzanga.

Ndiye minibasi inaima, zitseko n'kugwa, mipando n'kusanduka benchi, ndipo pabenchipo paima malemu amayi anga. Andifulatira, chitenje chamangidwa m'chiuno, burashi ili m'manja, khoma la tiyirumu lili mbee, loyera. Ine ndabwerera umwana, ndanyamula chitini cha penti ndi manja awiri.

"Gwira bwino, usatayire," anatero. Anajambula timapazi tiwiri tofiira, mosamala, lilime ataliluma. Kenaka anatsika n'kundikweza pabenchi. "Mapazi ndajambula ine. Pamwambapo malizitsa ndiwe, msana wanga wauma."

Ndinajambula chimimba, ndinajambula chimlomo, penti mpaka m'tsitsi. Bambo anatulukira pakhomo n'kugwira pakamwa.

"Koma amake Lonjezo, ameneyu si bakha? Tifufute tiyambirenso."

"Musiyeni," anatero amayi, akuseka mpaka kugwira khoma. "Ndi ntchito yoyamba ya mwana wanga. Akadzaphunzira adzakonza yekha."

Sungeni, zimenezi si maloto okha. Zinachitikadi, ndinali nditangoiwala. Zaka zonsezi ndinkawachitira manyazi amayi kuti sankadziwa kujambula, chonsecho chimlomo chija ndi changa, iwo anangokana kuchifufuta.

Ndinati, "Amayi, tacheukani ndikuoneni." Iwo anati dikira ndipale kaye apa, ndiye anayamba kupala khoma ndi chikhadabo, khwe, khwe, khwe. Ndikuwakoka chitenje, iwo osacheuka, khwe, khwe, khwe, bilimankhwe akuwomba m'manja pang'onopang'ono pamwamba pa denga.

Kutsegula maso, kunja kwayera, koma khwe khwe uja sanasiye. Anali a Layisoni, opentapenta aja, akupala khoma la tiyirumu, poti ine ndemwe ndinawauza kuti alawirire ndipo ayambe ndi chimbalamecho. Ndinathamanga opanda nsapato, ndikukuwa kuti aleke, koma munthu wakhama ndi woopsa. Mutu unali utapita, mapiko atapita, chimimba chonse chili pansi ngati gaga. Ngakhale chithunzi ndilibe, chifukwa pojambula za pulojekiti ndinkaima mwakuti bakhayo asaoneke.

Panatsala timapazi tiwiri tofiira, ta zala zolekana bwinobwino, ta nkhunda.

A Layisoni anaima ndi chopalira m'manja, akuyang'ana bambo. Bambo, ketulo ili m'manja, anayang'ana ine.

"Apitirize kodi, mwanawe?"

Ndisanayankhe, minibasi inaima pamsewu, kondakitala n'kumenya chitseko.

"Pa Bakha! Otsika pa Bakha!"