Timakontena ta mu Firiji

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuinena, koma poti Kafue yonse ikuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake. Sekani ndithu, ine manyazi anandithera.

Kunyumba kwathu kuli kambalame aka amati kokatiyo, kotuwa, ka tsumba pamutu, masaya ofiira ngati kadzipaka zodzola. Mwana wathu Tisa ndiye anagulira amake pamene ankakwatiwa ku Kitwe, ati nyumba isachite zii. Dzina lake Joli. Bamake Tisa amakakonda kuposa ine, ndipo apa sindikuseka.

Tsono mavuto awiri anabwera sabata imodzi. Ku kiliniki nesi anandipima BP n'kugwira pakamwa.

"Ba Tembo, muzafa imwe! Mchere, mafuta, ma-sausage, lekani. Muzidya masamba."

Kenako apongozi anadwala ku Chipata, bamake Tisa n'kunyamuka. Ali m'basi anandiimbira foni, koma mwatsoka pa TV panali mpira.

"Batate Tisa, mu firiji nasiya tumakontena. Kamodzi pa siku, kuseni. Osaikako mchere, osaikako mafuta."

"Ehe, ehe."

Analankhula zambiri, ine maso ali pa penoti. Zotsalazo zinapita ndi chigoli.

M'mawa ndinatsegula firiji. Timakontena tambirimbiri tandandalika bwinobwino mouma ndi ayezi! M'kati repu woduladula, karoti, mapira owiritsa, nyemba zomera, dzira, ndi tinthu tina toyera tokukutika m'mano. Misozi inalengeza. Ndinati, onani mkazi uyu, amake akudwala koma wakumbukira BP yanga.

Ndinadya. Abale, kukoma kwake ngati udzu wa m'mbali mwa njanji, ndiponso kochepa ngati mankhwala. Koma chikondi sachiyang'ana kukula kwa mbale.

Chimene chinandivuta ndi Joli. Ndikangotsegula kakontena, iko kulira, kukupiza mapiko, kuluma mawaya a khola lake. Ndinati kambalame aka njala. Kwathu kum'mawa munthu sadya wina akumuyang'ana, ndiye ndinaganiza: ine andiletsa zabwino, koma mwana wa eni asavutike chifukwa cha matenda anga.

Basi ndinayamba kukaphikira. Nshima yofewa. Nsomba ya bream ya ku Chanyanya yokazinga, ndikuchotsa minga ndi manja anga. Nshawa zamchere. Tsiku lina mpaka tchipisi! Ine kununkhiza chabe, malovu ali chuchuchu, n'kubwerera ku udzu wanga.

Patapita masabata angapo, lamba anayamba kukhwepa. Kuchoka ku siteshoni kufika ku maliketi, osapuma wefuwefu. Nesi anapima kawiri, osakhulupirira makina ake.

Joli naye anasintha. Ananenepa ngati kankhuku ka buloila, analeka kuimba mluzu, ankangokhala pansi m'khola akupuma movutika. Ndinati wasowa amake basi, n'kumuonjezera nshawa kuti mtima ukhale pansi.

Bamake Tisa anabwera Lamlungu m'mawa, n'kutsikira ku tchalitchi ndi zikwama zomwe. Ine ndinali nditakonzeka. Nthawi ya umboni itakwana ndinathamangira kutsogolo, kakontena m'manja, maikolofoni pakamwa.

"Aleluya, mpingo!"

"Ameni!"

"Ine nenze wakufa! BP yenze pamwamba! Koma Mulungu ananipasa mkazi. Onani vamene ananisiyira!"

Ndinakweza kakontena m'mwamba. Kibodi inalira, azimayi nthungululu. Ndinayang'ana bamake Tisa. Anthu onse akuomba m'manja, iwo agwira kumutu. Ndinati chimwemwe chawakulira.

Abusa anawaitana. "Amai Tembo, bwerani kuno! Uzani bazimai banzanu vamene mumaikamo, bamuna bathu bapole."

Anabwera pang'onopang'ono. Anandinong'oneza, osadziwa kuti maikolofoni ili pafupi.

"Batate Tisa, ivo ni vakudya va Joli."

Masipika onse anabwereza. Kibodi inaima.

"Joli ni ndani?" abusa anafunsa.

"Kanyoni kathu, abusa."

Ine ndinayesa kudziteteza. "Nanga tunshawa toyera tuja?"

"Makoko ya mazira! Ninagaya kuti mafupa yake yalimbe." Kenako nkhope yawo inasintha. "Imani. Ngati imwe mwenze kudya ivi, Joli enze kudya chani?"

Ndinayang'ana kudenga, thandizo silinatsike.

"Nshima... na bream."

Mayo ine! Tchalitchi chinagwa nazo. Dikoni wina anachita kutuluka panja atagwira nthiti. Abusa anabisa nkhope m'kathaulo kawo, mapewa akugwedezeka. Koma bamake Tisa sanaseke. Anasiya zikwama pomwepo n'kuthamangira kunyumba, ine pambuyo ndi kakontena kanga.

Atamuona Joli ali pansi m'khola, analira. Apo mpamene nthabwala inandithera, mtima unandiwawa zenizeni. Kambalame ka mwana wathu, ine ndatsala pang'ono kukapha ndi ulemu.

Dokotala wa ziweto anakagwiragwira n'kupukusa mutu. Anati mchere ndi mafuta ndi poizoni kwa mbalame zotere, chiwindi chimatupa. Nshawa ndi mbewu zamafuta zikhale za apo ndi apo, masamba ndi mapira tsiku lililonse, madzi oyera.

"Kazapola," anatero. "Koma uyu amene enze kukaphikira, musamusiyenso na kanyoni."

Ndikuthokoza Mulungu, Joli anachira. Tsiku limene anaimbanso mluzu, ndi tsiku lomwe bamake Tisa anayambanso kundilankhula. Ndikuthokozanso kambalameko, chifukwa nesi anakamba, mkazi anakamba zaka ndi zaka, koma amene anandidyetsa masamba ndi Joli.

Masiku ano bamake Tisa amadula repu wa anthu awiri, wanga wopanda makoko. Ku maliketi azimayi a masamba akandiona amaimba mluzu, ine n'kuwayankha.

Mwezi watha nesi anapimanso, n'kumwetulira.

"Ba Tembo, dokota amene anakulemberani diet iyi ni katswiri. Ali ku Lusaka?"

"Iyai, sister. Ali kunyumba mu khola, nayenso ali pa diet chifukwa ninamudwalitsa ine."

Amuna anzanga, mkazi akaimba foni muzizimitsa mpira, si nonse mudzapeze mbalame yodya bwino.