A Obadiya ndi Nkhuku Zodya Makala

Ku Mponela konse, munthu amene ankalawa chakudya cha nkhuku asanazipatse anali mmodzi yekha: a Obadiya Chikakuda. Ankatapa ndi zala, n'kuponya m'kamwa, n'kutsinzina ngati akuyesa mchere m'ndiwo.

"Makala achepa, Nachisale," ankatero kwa akazi awo, mayi Eveline, mano ali bii.

Mayiwo ankadziwa pomwe zinayambira. Kale a Obadiya ankakonza mabatire a galimoto. Atatopa nayo ntchitoyo anamanga khola la nkhuku zoyera za nyama pabwalo lomwelo pomwe ankaswera mabatire. Posakhalitsa nkhuku zinayamba kudzandira ngati zochokera ku mowa. Mlangizi wa ziweto atabwera anapalasa dothi ndi nsapato, n'kutola tizidutswa ta mtovu.

"Bambo, uyu ndi poizoni. Nkhuku ikatola amakhazikika m'thupi, wodya nkhukuyo n'kutengako."

Khirisimasi inali itayandikira, anthu atalozeratu nkhuku zawo.

"Gulitsani msanga, achimwene," anawanong'oneza a Benjamini, oyandikana nawo nyumba. "Adziwa ndani?"

"Ineyo ndadziwa kale."

Anakumba dzenje n'kukwirira nkhuku zonse, zana limodzi ndi makumi awiri. Mayi Eveline analira, koma dothi lomaliza anafotsera ndi iwowo. Khirisimasi imeneyo anadya nyemba.

Khola analisamutsira kumtunda, kutali ndi dothi loipalo. Mlangizi anawauzanso kuti makala osinja ndi dongo loyera, pang'ono chabe ngati supuni imodzi, zikasakanizidwa m'chakudya, zimathandiza kukola poizoni wina m'matumbo asanalowe m'nyama. A Obadiya anamva zonse kupatula mawu akuti "pang'ono". Mtondo wa mayi Eveline unada, sefa inada, nkhuku zoyera zija zinkaoneka ngati amakaniko apagalaja. Mlangizi anachita kubweranso.

"Supuni, bambo! Ndinati supuni, osati fosholo!"

Paukwati wina ku Mtengowanthenga a Obadiya anaimitsa mzere wonse wa chakudya, mbale ili m'manja.

"Mayi, nkhukuyi inakulira kuti?"

"Mumphika, bambo. Sunthani."

"Nanga madzi inkamwera muti?"

Anthu akumbuyo anayamba kung'ung'udza, mpaka abusa anachita kuwagwira pamkono.

Tsiku lina a Obadiya anapeza nkhuku za a Benjamini zikumwera m'chikhokhombe cha batire lakale. Sanalonjere n'komwe. Anakhuthula madziwo, n'kunyamula chinthucho pamutu, n'kubwera ndi beseni la akazi awo. Mwezi usanathe, mabeseni a mayi Eveline anali atabalalika mudzi wonse.

"Ndiye ine ndizichapira muti?" anafunsa mayiwo.

"Kumtsinje kulibe chitseko, Nachisale."

Anthu ankaseka, koma mayi woyembekezera akafuna nkhuku, kapena wodwala akalakalaka msuzi, ankatuma kwa a Obadiya. Vuto linali lakuti wogula sankachoka msanga. Wobwera m'mawa ankamva za mtovu, za chiwindi, za zitsime za pafupi ndi magalaja, mpaka nkhuku imene wagula n'kugona tulo m'khwapa.

Chaka chatha, fodya ali m'zigafa, a Obadiya anadwala. Ali gone m'chipatala anakodola akazi awo, mawu akutuluka movutikira.

"Nachisale, makala aja musamapyole supuni."

"Inuyo ndi amene mukundiuza zimenezo?"

Anaseka onse awiri mpaka namwino anasuzumira. Patapita masiku atatu a Obadiya anatisiya.

Khola lilipobe, nkhuku zikunenepa, ndipo mayi Eveline amayeza zonse monga momwe mlangizi ananenera. Ogula amabwerabe. Amapatsidwa nkhuku yawo nthawi yomweyo, akafunsa funso amayankhidwa lomwelo basi. Koma mayiwo amawaona kudzera pawindo: munthu amafika pachipata n'kuima, nkhuku ili m'manja, n'kucheuka kawiri katatu, ngati akudikira woti amuchedwetse.