Thadzi lakuda ndi kalata ya ku koleji

Lolemba
Fomu ya koleji ya aphunzitsi ku Chipata yafika! Akufuna kalata ya mphunzitsi wondidziwa bwino, yokhala ndi chidindo cha sukulu, ndipo zonse zikwere basi ya Loweruka. Ndikaphonya, chaka chinanso m'munda wa thonje. Koma n'zapafupi, ndinakhala zaka zisanu pa sekondale ku Petauke. Oti ndiwapemphe: a Tembo a masamu, amai Zulu a Chingerezi, a hedi. Amai anga andipatsa thadzi lakuda, akuti kwa aphunzitsi sapita chimanjamanja. Wolemba kalata ndiye mwini nkhuku.

Lachiwiri
Panjinga kuchokera ku Kalindawalo, thadzi pakaliyala. A Tembo ndawapeza pakhonde akuswa mtedza. Mwana waulemu sayamba yekha kunena chimene wadzera, amadikira afunsidwe. Ndakhala pansi, ndikuswa nawo. Dengu loyamba. Lachiwiri. Sakundifunsa! Dzuwa litapendeka ndiye akuti, "Zikomo kwambili. Kodi ndiwe mwana wa ndani?" Zaka zitatu m'kalasi mwawo! Manyazi andigwira, ndangotsazika. Zala zikuwawa.

Lachitatu
A hedi ali ku msonkhano wa chipani. Kalaliki akuti, "Ubwele pa Chisanu." Amai Zulu anawasamutsira ku Nyimba. Ndadya chinangwa pansi pa mango, ine ndi thadzi. Ndalifotokozera zonse. Limamvetsera kuposa anthu.

Lachinayi
Basi ya ku Nyimba yadzaza, ndakwera lole ya thonje. Amai Zulu andilandira ndi manja awiri, mtima wanga m'malo. "Gelesomu! Wa kwaya uja!" Si ine. Ine kuimba, ngakhale agalu amathawa. Ndawauza dzina langa kawiri. Ayang'ana kumwamba, ayang'ana nkhuku. "Pepani mwana wanga, sinikukumbuka. Pa pepala sininganame." Pobwerera thadzi laikira dzira m'chikwama. Laswekera pa fomu.

Lachisanu
A hedi apezeka, ali pa liwiro. "Lemba wekha, nizasaina." Mwayi! Ndakhala pabenchi maola awiri, pepala pabondo. Munthu ungadziyamikire bwanji wekha? Ndalemba dzina langa basi. Ngakhale ndikanalemba, chidindo chili mu dilowa, kiyi ali ndi kalaliki, kalaliki ali pamzere wa sopo amene wafika kusitolo lero. A hedi abwerera kumsonkhano.

Loweruka
Basi yapita. Ndaiperekeza ndi maso. Podutsa pageti ya sukulu wina wandiitana ndi dzina langa, lenileni! A Daka, mlonda. "Si ndiwe unali kunkhala pa windo yosweka? Sunajombepo olo tsiku limodzi. Ndiwe unali kuniwelengela makalata ya mwana wanga wa ku migodi, osauzako munthu za m'menemo." Ndawauza za koleji. Akuti tenga pepala. Iwo akunena, ine ndikulemba, masamba awiri odzaza. Sadziwa kulemba, adinda chala. Misozi ndaibisa ndi chipewa.

Lamulungu
Mawa kuthonje. Kalata ndaisunga pansi pa sutikesi. Koleji singailandire, ndikudziwa, koma ndaiwerenga kanayi. Amai akufunsa za nkhuku. Lamulo ndi lamulo, ndaisiya kwa a Daka. Anakana, ndinawakakamiza.

Pakhomo pali zii. Zonsezi ndilibenso wozifotokozera.