Sabata Yoyeza Kadontho Kobiriwira

Lolemba

Kalata ya Esinala yafika. Yatha masabata asanu panjira.

Tinkakhala benchi imodzi mu labu ya fizikisi ku Lusaka. Iye tsopano ali ku Ulaya, pa makina aakulu okwiriridwa pansi pa nthaka, othamangitsa tinthu tochepa kuposa atomu. Ine ndili kuno kunja kwa Chipata, ndikuphunzitsa Giredi 11 kusiyana kwa volti ndi ampeya.

Ntchito yake ndi iyi. Tinthuto timathamangira pamodzi, mzere wopyapyala ngati ulusi. Tambiri timadutsa pakati. Towerengeka timasochera m'mbali n'kupanga mkombero wofooka, ndipo timeneti ndi timene timawononga makoma a makinawo. Iye amayeza tosocherato.

Walemba kuti: "Chaka chamawa kuno kuli maphunziro a miyezi itatu a aphunzitsi ochokera ku Africa. Tumiza fomuyi pamodzi ndi lipoti la chinthu chimene wayeza wekha. Usandichititse manyazi, iwe." Kuti zifike nthawi yake, ziyenera kuchoka ndi positi ya Lolemba likubwerali.

Poyambira ndili napo. M'kabati ya labu yathu muli osilosikopu yakale, bokosi la galasi ngati la TV. M'kati mwake maelekitironi amathamangitsidwa n'kukamenya galasilo, pamaoneka kadontho kobiriwira. Makina akewo ndi angawa ndi pachibale, angosiyana msinkhu.

Dongosolo:
1. Kuyeza ngati kadontho kakhazikika pamodzi kwa ola lathunthu.
2. Kuyeza kukula kwa mkombero wake.
3. Kulemba masamba anayi.

Chondipititsa kumeneko ndi sayansi. Ndalemba kuti zidziwike.

Lachiwiri

Makina ayaka! Fungo la fumbi lopsa, kenako kadontho. Rula ndi wotchi zili pambali.

Mphindi khumi zoyamba kali phee.
8:40, kalumpha mamilimita atatu, kanenepa, kazilala.
9:05, kabwerera.
9:20, kalumphanso.

Ndatsegula zenera kuti ndiganize bwino. Gu-gu-gu-gu. Chigayo cha a Phiri, kutsidya kwa msewu. Tili pa waya umodzi wa magetsi, chikangoyaka kadontho kanga kayamba kuvina.

Ndapita kukapempha kuti azimitse ola limodzi lokha. A Phiri: "Aphunzitsi, anthu angokolola kumene. Mayi awa anyamuka kwawo tambala woyamba, thumba lili pamutu. Ndiwauze kuti adikire kadontho?"

Sanalakwe.

Esinala akuti kumeneko mwezi umakoka nthaka pang'ono, makina awo n'kumva. Iwo akulimbana ndi mwezi. Ine mgaiwa.

Lachitatu

Ndafika chigayo chisanatsegulidwe. Kadontho kakusunthabe. Ndikakoka mpando wachitsulo, kasuntha. Ndikatsegula chitseko cha kabati, kasuntha. Maelekitironi amamva chitsulo chilichonse chokhala ndi kamaginito ngakhale kochepa, ndipo labu yathu ndi chitsulo chokhachokha.

Mkombero sukuoneka n'komwe. Mazenera asanu ndi limodzi, katani palibe.

Zofunika:
magetsi a waya wina
chipinda chopanda chitsulo
mdima

Nyumba yanga ili pa waya wa ku tauni. Ahedi athu, a Zimba, avomera movutikira kuti makina ndipite nawo kunyumba: "Mutenge Lachisanu, Lolemba abwere ali moyo. Makinawo ndi okhawo. Ndipo fomu yanuyo popanda dzanja langa sipita kulikonse."

Ndawerenganso kalata ija kuti nditsimikize tsiku lomaliza. Kachisanu tsopano. Tsikulo silinasinthe.

Lachinayi

Lero osayeza kanthu. Makalasi tsiku lonse, masana msonkhano wa aphunzitsi wokambirana za utali wa masokosi a ophunzira.

Ndalemba mutu wa lipoti, n'kuudula mzere ndi rula. Waoneka bwino.

Kuno Juni waluma, choko chikugwa m'zala. Kumeneko ndi nyengo yotentha, buku likuti dzuwa limalowa anthu atadya kale. Esinala ankadana nako kuzizira. M'labu ankasanjika manja pamwamba pa makina ofunda, n'kumanena kuti ndi ntchito yokhayo imene makinawo amaigwira osalakwitsa. Izi ndangozikumbukira monga mmene munthu amakumbukirira kulemera kwa elekitironi. Palibe china.

Lachisanu

Makina afika kunyumba pa njinga, atafunda bulangete, ine ndikukankha wapansi makilomita anayi. Ndayatsa. Magetsi akuno ndi odekha!

Koma namo m'nyumba muli chitsulo. Mawa m'mawa zituluke izi:
mipando inayi ya miyendo yachitsulo
tebulo
bedi (nyumbayi ndi yaing'ono, khoma lopyapyala)
wailesi
mbaula
makina osokera a Amayi, amene akudikira kukonzedwa chaka chachiwiri

M'mazenera: mabulangete awiri akuda ndi jekete.

Loweruka kuyeza, Lamulungu kulemba. Zikutheka.

Loweruka

Seveni koloko. Katundu yense ali pabwalo, mazenera otseka, chitseko chokhoma. Mdima wa ndiwe yani dzuwa likuswa panja.

Kadontho kali phee! Mphindi makumi awiri, osasuntha. Ndipo mkombero uwo, wofooka ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi. Ndakweza kuwala mpaka pomalizira kuti ndiuone bwino. Wina akugogoda. Sindikuyankha, ndikuwerenga masekondi. Agogodanso. Asiya.

Patapita nthawi, panja: "Mayo ine! Aphunzitsi athu ine!"

Ndawerenga mabuku ambiri, koma ndinaiwala chimene aliyense kuno amadziwa: mipando ikatuluka panja, m'nyumbamo muli maliro. Amake Chisomo, oyandikana nane, aona bedi pabwalo, mazenera akuda, kugogoda osayankhidwa. Atumiza uthenga kutchalitchi. Wina wakwera galimoto ya kumudzi kwathu ku Tamanda kukatenga Amayi.

Ndatsegula chitseko. Azimayi a kutchalitchi ali pansi, mipango kumutu. Azibambo ali pa mipando yanga. Nkhuni zafika, moto wayaka. Awiri athawa, mmodzi wasiya nsapato.

Amake Chisomo: "Nanga munthu wamoyo amatulutsa bedi? Mukanatiuza, aphunzitsi! Nyemba tatereka kale!"

A dikoni: "Poti tasonkhana kale, tiyeni tithokoze kuti sizinachitike." Nyimbo zitatu, pemphero, ulaliki. Andikhazika kutsogolo. Womwalira sangachoke pa mwambo wake. Kenako aliyense kudzandigwira chanza payekhapayekha, ena kawiri pofuna kutsimikiza.

Amayi afika dzuwa litapendeka, maso ali otupa. Andigwira nkhope, mapewa, kenako khutu. "Kandionetse chimene chandiliritsa njira yonseyi."

Talowa. Makina akhala akuyaka kuyambira m'mawa, kuwala kuli pomalizira, kadontho pamalo amodzimodzi. Galasi lapsa. Pakati penipeni pali banga lakuda, kukula ngati nzama. Pamenepo sipadzawalanso.

Amayi: "Ndi kameneka?"

Lamulungu

Mipando yabwerera m'nyumba. Umodzi wathyoka mwendo.

Makina ndayatsanso. Pakati mdima, m'mbali mkombero wokhawokha, wooneka bwino kuposa kale lonse. Ndauyang'ana nthawi yaitali. Koma sindingasiyanitse kuwala kwa maelekitironi osochera ndi kwa galasi lopsa, ndipo chimene sindikuchidziwa sindilemba. Esinala angazindikire pa tsamba loyamba.

Zimene ndili nazo:
mphindi makumi awiri za kadontho kokhazikika
nthawi zimene a Phiri amayatsa chigayo
mutu wa lipoti
nyemba mphika wathunthu

Amayi apeza kalata ija pa tebulo. Sanawerenge, angoyang'ana sitampa. "Ndi mtsikana uja wa pa chithunzi cha ku Lusaka?" Ndati ndi nkhani ya sayansi. "Eya. Abambo akonso ankabwera kwathu kudzaona ng'ombe."

Fomu ndadzaza yonse, pangotsala poti asaine ahedi. Mawa m'mawa ndikankha njinga kubweza makina. A Zimba adzafuna kuona galasi asanaone fomu. Positi imachoka teni koloko, ndipo iwo akayamba za katundu wa sukulu samaliza isanakwane leveni.